Mmene Njere Zimafalikira

Gwafa amamera kuseri kwa khola popanda womudzala. Kodi njere yake inafikapo bwanji?

Njere zonse zikagwera patsinde pa mtengo umodzi, zimalimbirana madzi ndi dzuwa, ndipo zambiri zimafa. N'chifukwa chake zomera zambiri zili ndi njira zake zoperekezera njere kutali.

Njira yoyamba ndi mphepo. Paini wa ku Chikangawa ndi pa phiri la Zomba sachita maluwa. Njere zake zimabisala m'chipatso cholimba, cha mamba. Kunja kukauma, mamba aja amatseguka. Njere iliyonse ili ndi kaphiko, motero mphepo imaiulutsa. Mkungudza wa pa phiri la Mulanje nawonso uli m'gulu lomweli. Mlombwa umachita maluwa, koma chikoko chake chili ndi phiko lozungulira.

Njira yachiwiri ndi nyama. Mbalame ndi mileme zimadya nkhuyu ndi magwafa, n'kukataya njere ndi zitosi kwina. Chisoso chimangomata pa chitenje kapena pa ubweya wa mbuzi.

Njira yachitatu ndi kuphulika. M'miyezi yotentha, makoko a mitengo ya mombo amathetheka m'nkhalango. Soya amachitanso chimodzimodzi. Mukachedwa kukolola, ndalama zanu zimamwazika m'mizere.

Madzi amvula nawo amakokolola njere kupita nazo kumunsi.

Tsono chenjerani ndi kaufiti. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, ndipo tsinde limodzi limabereka njere zikwizikwi. Zimayenda ndi mphepo, ndi madzi, ngakhale ndi dothi lomata pa khasu lobwereka. Zikalowa m'nthaka zimakhala zaka zambiri, kudikira chimanga kapena mapira. Duwa lake ndi lokongola, koma mukaliona m'munda, dziwani kuti nthawi yatsala pang'ono. Zulani kaufiti asanabereke njere. Musamutaye m'mphepete mwa munda, chifukwa njere zimatha kukhwimira pomwepo. Muunjikeni pamodzi ndi kumutentha mosamala. Muuzenso mnansi wanu, pakuti kaufiti wa m'munda mwake adzafika m'munda mwanu.

Mitengo yachilengedwe imadzidzala yokha, koma moto wolusa umapha mbande zake. Tisamatenthe tchire chifukwa cha mbewa.

Kambiranani: ndi zomera ziti za m'mudzi mwanu zimene zimamera zokha? Nanga njere zake zimabwera bwanji?