Kudziwa kuimitsa njinga yamoto kumateteza mpamba

Njinga yamoto yasanduka galimoto ya wamalonda wamng'ono m'boma la Mulanje. M'mamawa uliwonse imasenza nanazi, tomato, nthochi ndi mazira kuchoka kumidzi kupita pa Chitakale, pa Nkando, pa Chonde ndi pa Limbuli, ndipo ena amakapikulira katundu ku Milange kudzera pachipata cha Muloza. Katundu wotereyu amaonongeka kawirikawiri pa nthawi imene njinga ikuima. Minibasi ikaima mwadzidzidzi kutsogolo, kapena mwana akadumpha msewu, woyendetsa amene sadziwa kugwiritsa ntchito mabuleki ndi magiya limodzi amagwetsa mpamba wa sabata yonse pa phula. Nthawi zina iye mwini amakathera kuchipatala, geni n'kuima miyezi.

Liwiro limadya mtunda

Njinga imene ikuthamanga makilomita 30 pa ola imadutsa mamita 8 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 60 imadutsa pafupifupi mamita 17. Munthu akaona ngozi pamatenga pafupifupi sekondi kuti dzanja ndi phazi zigwire mabuleki, ndipo mtunda wonsewo amaudutsa asanachepetse liwiro n'komwe. Chinanso, liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki atagwira umawirikiza kanayi. Matumba a nandolo kapena wokwera wachiwiri amautalikitsanso. N'chifukwa chake woyendetsa wosamala amayamba kutsitsa liwiro akangoona chikwangwani cha pa trading centre, osadikira kufika pakati pa anthu.

Mabuleki ndi awiri

Oyendetsa ambiri amene anaphunzirira kwa anzawo pabwalo la mpira amaopa buleki yakutsogolo. Amati imagwetsa, choncho amangodalira yakuphazi. Koma njinga ikamaima, kulemera kwake kumakankhikira kutsogolo, tayala lakutsogolo n'kukanikizika pansi, lakumbuyo n'kupepuka. Aphunzitsi a njinga amawerengera kuti pa phula louma buleki yakutsogolo imagwira pafupifupi magawo 70 mwa 100 a ntchito yoimitsa. Wongoponda yakumbuyo amakhwekhwereza tayala, njinga n'kuyamba kugwedeza kumbuyo, koma osaima msanga.

Buleki yakutsogolo imagwetsa munthu akaitsamwitsa kamodzin'kamodzi. Njira yake ndi kutseka moto, kufinya chogwirira pang'ono kuti kutsogolo kukhazikike, kenako kuonjezera mphamvu, phazi likuponda yakumbuyo mofatsa nthawi yomweyo. Tayala lakutsogolo likayamba kutsetsereka, dzanja limasule pang'ono n'kugwiranso.

Giya imodzi pa nthawi

Injini payokha ndi buleki. Moto ukatsekedwa njinga ili m'giya, injini imaibweza. Poyandikira mahampu kapena mzere wa galimoto, woyendetsa atseke moto, agwire mabuleki onse, akoke klatchi, atsitse giya imodzi, ndipo abweze klatchi pang'onopang'ono. Liwiro likatsikanso, atsitse ina. Odziwa bwino amapatsa kamoto pang'ono klatchi ili yokoka kuti injini ilandire giyayo mosagwedeza.

Kulumpha kuchoka pa giya 4 kufika pa 1 njinga ikuthamanga, n'kutaya klatchi, kumamanga tayala lakumbuyo ngati lapondedwa buleki. Mazira amasweka pomwepo, tcheni ndi sipuloketi n'kumatha msanga. Ubwino wotsitsa imodziimodzi ndi woti njinga imakhala nthawi zonse m'giya yoyenera liwiro lake, moti galimoto yakutsogolo ikanyamuka, kapena yakumbuyo ikamabwera molusa, woyendetsa amangopatsa moto n'kuchoka.

Aliyense wobwereka njinga afunse kaye kayendedwe ka magiya ake. Njinga zina magiya onse amapondedwa pansi, zina yoyamba yokha ndiyo ili pansi, ndipo zina amazungulira, moti kuchoka pa giya yomaliza ukapondanso imagwera pa neutral. Kusokoneza izi pakati pa msika n'koopsa.

Pali china chimene ambiri amaiwala. Njinga ikamachepetsa liwiro ndi injini yokha, nyale yofiira yakumbuyo siyaka. Woyendetsa Sienta kapena lole ya tiyi kumbuyo sadziwa kuti njinga ikuima. Kukhudza buleki pang'ono kumayatsa nyaleyo n'kumuchenjeza.

Mtsetse ndi kona

Misewu yotsika m'mphepete mwa phiri la Mulanje, monga ya kumidzi ya ku Likhubula ndi ya m'minda ya tiyi, imakopa oyendetsa kuti aike njinga pa neutral kapena azimitse injini populumutsa mafuta. Timafuta topulumukato n'tochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa dengu la tomato. Njinga yopanda giya imasiyira ntchito yonse mabuleki, ndipo pa mtsetse wautali mabuleki a dilamu amatentha n'kufooka. Lamulo lakale la madalaivala a malole limagwiranso pano: giya yokwerera chitunda ndi yomwe itsikire mtsetsewo.

Pakona, ntchito yonse ya mabuleki ndi magiya ithe njinga isanapendeke. Tayala limene likukhota silikhala ndi mphamvu zokwanira zoimitsanso njinga. Wolowa m'kona ndi liwiro n'kukagwira buleki pakati amapezeka m'ngalande.

Mvula, chiperoni ndi fumbi

Mulanje ndi limodzi mwa maboma amene amalandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo ngakhale m'nyengo yozizira chiperoni chimanyowetsa msewu. Phula limaterera kwambiri mvula ikangoyamba, pamene madzi asakanikirana ndi fumbi ndi oyilo. Pa msewu wa M2 pakati pa Mulanje Boma ndi Muloza, matope obwera ndi matayala a mathirakitala ndi makoko a nthochi kapena nzimbe pafupi ndi misika ndi misampha ina. Pamalo ouma woyendetsa asiye mpata wa masekondi osachepera awiri pakati pa iye ndi galimoto yakutsogolo. Pamvula kapena atasenza katundu, anayi. Kuwerenga kwake n'kosavuta: galimoto ikadutsa mtengo kapena chikwangwani, awerenge masekondi mpaka iye atafikapo.

Pamsewu wafumbi kapena wamiyala, buleki yakutsogolo igwiridwe mofewa kwambiri, giya yotsika ndi buleki yakumbuyo zithandize. Akaoloka madzi, agwire mabuleki pang'ono kwa kamtunda kuti aume.

Pakagwa zadzidzidzi

Mbuzi ikalowa mumsewu palibe nthawi yowerenga magiya. Njinga iongoke, moto utsekedwe, mabuleki onse agwire mwamphamvu koma mosatsamwitsa, klatchi ikokedwe, maso ayang'ane kumene kuli mpata. Magiya atsitsidwe njinga ikuima. Izi zimafuna kuyeserera pamalo opanda anthu, poyamba popanda katundu, kenako ndi thumba la chimanga pa kaliyala, kufikira dzanja litazolowera.

Zimene mwini katundu angachite

Ambiri mwa amalonda sayendetsa okha, amalipira a kabaza. Iwonso ali ndi mbali yawo. Katundu wolemera amangidwe pansi ndiponso pafupi ndi msana wa woyendetsa, chifukwa wolendewera kumbuyo kwa kaliyala amapepusa tayala lakutsogolo. Mathireyi khumi a mazira ndi mazira 300, ndipo ulendo wachiwiri umatsika mtengo kuposa kuswa onsewo.

Asanakweze katundu, wamalonda ali ndi ufulu woona ngati mabuleki onse awiri akugwira, pakuti njinga zina zimayenda waya wa buleki yakutsogolo utaduka kale. Pa njinga zambiri zing'onozing'ono za mabuleki a dilamu, chogwirira cha kudzanja chiyenera kuyamba kugwira chitayenda masentimita 1 mpaka 2, cha kuphazi 2 mpaka 3. Chikamafika pachiwongolero, chikufunika makaniko. Aonenso ngati matayala akadali ndi mizere, ngati nyale yakumbuyo ikuyaka, ndiponso ngati pali chipewa chake chodzitetezera.

Wa kabaza amene amatsitsa liwiro nthawi ikadalipo amafika mochedwerako ndi mphindi zochepa, koma ma brake shoe ndi tcheni zake zimakhalitsa, tomato n'kufika wosaphwanyika. Wamalonda akapeza woyendetsa wotere, atenge nambala yake n'kupangana naye za masiku onse a msika.