KUSINTHA OYILO WA PIKAPU PAKHOMO

Alimi anzanga, ambiri mwa inu amene mumabweretsa tomato, kabichi ndi mbatata pa msika wa Nsungwi ku Area 25 mumadalira pikapu, kaya yanu kaya ya gulu. Galimoto zomwezi ndi zimene zimatuta mabelo a fodya kupita ku okushoni ku Kanengo. Injini ikafa pakati pa nyengo yogulitsa, mbewu zimaolera kudimba ndipo ndalama ya chaka chonse imathera kugalaja. Mwa injini zimene ndaona zitafa msanga, zambiri zidafa chifukwa cha oyilo wakale. Lero ndifotokoza m'mene mungasinthire oyilo ndi fyuluta nokha pakhomo.

Ntchito ya oyilo

Oyilo amatereretsa zitsulo kuti zisakhulane, amaziziritsa injini, ndiponso amakokolola mwaye ndi tizidutswa ta chitsulo n'kukatisiya mu fyuluta. Akakhalitsa amatha mphamvu. Fyuluta nayo ikadzaza, oyilo amangoilambalala n'kumazungulira ndi zinyalala zake. M'misewu yathu ya fumbi, makamaka kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndimalangiza kusintha oyilo wa pikapu ya dizilo pa makilomita 5,000 aliwonse, kapena pa miyezi 6 ngati siyenda kwambiri. Musayese ndi maso, pakuti oyilo wa mu injini ya dizilo amada msanga ngakhale akadali wabwino.

Zofunika kukhala nazo

Pa injini zakale za dizilo monga za Toyota Hilux, oyilo wozolowereka ndi wolembedwa 15W-40 pachigubu. Zambiri zimalowa malita 5 mpaka 7, koma onani m'buku la galimoto yanu. Gulani chigubu chomata bwino, osati oyilo woyeza m'mabotolo amene simukudziwa kumene wachokera. Mufunikanso fyuluta ya nambala yofanana ndi yakaleyo, washala watsopano, sipanala yokwana bwino pa bauti, chomasulira fyuluta, beseni lakale, fanulo ndi nsanza.

Kachitidwe kake

1. Imikani galimoto pamalo osatsetsereka. Lizani injini kwa mphindi 5 kuti oyilo asungunuke, kenaka zimitsani. Kokani handibuleki, ikani m'giya ndi kutsekera matayala ndi miyala. Pikapu yaitali sifuna jeke. Ngati mwainyamula, musalowe pansi pake itangokhala pa jeke yekha. Ichirikizeni ndi zitsa zolimba.

2. Tsegulani chivindikiro cha pothirira oyilo. Tcherani beseni pansi pa sampu ndi kumasula bauti. Samalani, pakuti giyabokosi nayo ili ndi bauti yofanana nayo. Safunsa adadya phula: ngati mukukayika, itanani makaniko akulozereni ulendo woyambawu.

3. Dikirani mphindi 10 mpaka 15 kuti oyilo yense akhe. Muyang'aneni. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowa mu injini. Mukaona tizitsulo tonyezimira, zitsulo zikudyana. Zonse ziwirizi nzofunika makaniko galimoto isananyamulenso katundu.

4. Bwezerani bauti ndi washala watsopano. Yambani kumanga ndi zala, kenaka limbitsani ndi sipanala. Musalumikize paipi kuti muwonjezere mphamvu, mungaphe mazinga a sampu.

5. Masulani fyuluta yakale. Onetsetsani kuti mphira wake wozungulira wachoka nayo limodzi. Akatsalira pa injini n'kusanjikizana ndi watsopano, oyilo amatayika yense m'kanthawi kochepa muli pamsewu.

6. Pakani oyilo watsopano pa mphira wa fyuluta yatsopano. Imangeni ndi manja okha. Mphira akagunda injini, onjezerani magawo atatu mwa anayi a kuzungulira kumodzi, basi.

7. Thirani oyilo pang'onopang'ono, mukuyesa ndi dipisitiki. Tsekani ndi kuliza injini osaponda moto. Getsi lofiira la oyilo liyenera kuzima m'masekondi ochepa. Likapanda kuzima, zimitsani injini nthawi yomweyo.

8. Suzumirani pansi ngati pakudontha. Zimitsani, dikirani mphindi 5, yesaninso. Oyilo akhale pakati pa zizindikiro ziwiri za pa dipisitiki, kufupi ndi cham'mwamba. Wopitirira muyeso amachita thovu ndi kuboola masilo.

Mukatha, lembani tsiku ndi makilomita m'kope lomwe mumalembamo za feteleza ndi aganyu.

Oyilo wakale apite kuti?

Pano ndi pamene ife a zaulimi timadandaula. Oyilo wakale ali ndi poizoni. Akathiridwa m'ngalande, m'chimbudzi kapena pafupi ndi chitsime, amalowa pansi n'kuwononga madzi amene timamwa ndi kuthirira ndiwo zamasamba. Pamene watayikira, mbewu sizimera bwino kwa nthawi yaitali. Ena amapaka ng'ombe pofuna kupha nkhupakupa, kapena nkhumba za mphere. Lekani zimenezo. Chiweto chimadzinyambita, ndipo poizoniyo amalowa m'thupi mwake. Mankhwala oyenera alipo, funsani alangizi a ziweto. Thirani oyiloyo m'chigubu chomwe mwakhuthula chija, tsekani zolimba, sungani potalikira ana ndi moto, ndipo funsani kugalaja kapena pomwetsera mafuta ngati amalandira. Chigubucho chisadzasungenso madzi kapena mafuta ophikira.

Nanga a mapampu?

Inu a m'madimba, injini yaing'ono ya petulo monga Honda GX160 ilibe fyuluta ya oyilo ndipo imalowa oyilo wongopitirira pang'ono theka la lita. N'chifukwa chake safunika kukhalitsa. Ikakhala yatsopano, sinthani pakatha maola 20 oyamba, kenaka pa maola 100 aliwonse. Yesani oyilo m'mawa uliwonse musanakoke chingwe.

Ntchito yonse ya pikapuyi siposa ola limodzi. Ichiteni sabata imodzi ulendo wa ku msika kapena ku okushoni usanafike, kuti ngati pali podontha mupaone mukadali pakhomo.