Kusamalira Magiyabokosi a Makina Okololera Chimanga

Mawu oyamba

Makina okololera chimanga amagwira ntchito masabata owerengeka chabe pa chaka. M'chigawo chathu chino, kuyambira ku Mkushi m'dziko la Zambia mpaka ku Free State m'dziko la South Africa, chimanga chimakololedwa pakati pa Epulo ndi Ogasiti malinga ndi dera, ndipo miyezi yotsalayo makina amangokhala chiimire. Giyabokosi imene imaphwanyika pakati pa munda kawirikawiri imakhala itayamba kuwonongeka nthawi ya dzinja, pamene palibe ankaiyang'anira. Zikatero, zitsulo zosinthira zimachedwa kufika, chimanga chimagwa pansi, chiswe chimalowa, ndipo anankafumbwe amayambira m'munda momwemo. Choncho alangizi ayenera kuphunzitsa eni makina kuti chisamaliro chimayamba kukolola kusanayambe.

Ntchito ya giyabokosi

Giyabokosi imalandira mphamvu kuchokera ku injini kapena ku shafuti ya PTO ya thirakitala, n'kuikhotetsa ndi kusintha liwiro lake kuti ifike pa zitsulo zogwira ntchito. Pa makina othyola chimanga, mzere uliwonse umakhala ndi giyabokosi yakeyake. Imeneyi imazunguza zitsulo ziwiri zokokera phesi pansi ndiponso matcheni okankhira chimanga chothyoledwa m'kati. M'kati mwake muli magiya, mabeyaringi ndi mphira zotchingira oyilo. Imodzi yokha ikafa, makina onse aima.

Oyilo ndi girizi woyenera

Magiyabokosi ena amafuna oyilo wa magiya, monga SAE 80W-90 wa mulingo wa GL-5. Ena, makamaka a m'mizere, amafuna girizi wofewa wa nambala 0 kapena 00, amene amasungunuka magiya akatentha. Buku la makinawo ndilo limanena chofunika, ndipo kungoganizira n'kulakwa.

Oyilo wa injini alibe mphamvu yopirira kupanikizana kwa mano a magiya. Girizi wamba wa nambala 2 ndi wolimba kwambiri: magiya amangoboola njira m'kati mwake, girizi n'kukakamira m'mbali, mano n'kumazungulira ouma. Kuthira mopitirira muyezo nakonso kumawononga, chifukwa oyilo amachita thovu, amatentha, ndipo amatulukira pa mphira.

Zoyenera kuchita mwezi umodzi kukolola kusanayambe

1. Imikani makina pamalo athyathyathya, pukutani mozungulira chotsekera musanachitsegule, ndipo onani muyezo wa oyilo.
2. Dontheza oyilo pang'ono pa pepala loyera. Akaoneka ngati mkaka, mwalowa madzi. Mukaona tizidutswa tonyezimira, magiya kapena mabeyaringi akudyeka.
3. Tsukani kabowo kopumira. Kakatsekeka ndi fumbi kapena dothi, mpweya wotentha umakankha oyilo kudzera pa mphira.
4. Gwedezani shafuti ndi dzanja. Ikamasewera m'mbali, beyaringi yatha.
5. Mangani mabawuti onse ogwira giyabokosi.
6. Gulirani pasadakhale mphira, oyilo ndi mabawuti oteteza.

Zitsulo zoteteza giyabokosi

Makina ambiri ali ndi bawuti yoteteza imene inapangidwa kuti ithyoke mwala kapena chitsa chikalowa. Ena ali ndi kilatchi imene imatsetsereka katundu akachuluka. Oyendetsa ena, potopa ndi kusintha bawuti, amaikapo yolimba kwambiri kapena kuwotcherera kilatchi. Potero amapulumutsa chitsulo chotsika mtengo n'kupha giyabokosi yonse. Bawuti ikamathyoka kawirikawiri, pali chifukwa chimene chiyenera kufufuzidwa.

Kilatchi ikakhala nthawi yaitali imagwirana ndi dzimbiri. Chaka chilichonse masulani masipuling'i ake, itsetsereke kwa masekondi ochepa, kenako mangani mpaka pa muyezo wa m'buku.

Liwiro la PTO nalo lisamalidwe. Shafuti ya maulendo 540 pa mphindi imakhala ndi mano 6, pamene ya maulendo 1,000 kawirikawiri imakhala ndi mano 21. Makina a 540 akalumikizidwa pa 1,000 amazungulira pafupifupi kawiri liwiro lawo. Chenjezo limeneli likukhudzanso makina otonolera chimanga amene alimi ang'onoang'ono amabwereka pa mtengo.

Nthawi yokolola

M'mawa uliwonse oyendetsa ayang'ane pansi pa makina ngati padontha oyilo, ndipo achotse udzu, luzi ndi mapulasitiki okulungika pa shafuti, popeza zimenezi zimadula mphira. Atagwira ntchito ola limodzi, azimitse injini n'kuyerekeza kutentha kwa magiyabokosi a mizere yonse. Imene yatentha kuposa zinzake ili ndi vuto. Phokoso lachilendo lisanyalanyazidwe.

Munthu asayandikire makina injini isanazimitsidwe ndi kiyi kuchotsedwa. Zitsulo zokokera mapesi zimakoka mofulumira kuposa mmene dzanja lingatayire phesi. Asalowenso pansi pa mutu wa makina wokwezedwa popanda kuuchirikiza ndi chitsulo chake.

Kukolola kukatha

Chotsani mapesi ndi makoko onse, chifukwa amasunga chinyezi ndi kuitana makoswe. Potsuka, musalunjikitse madzi amphamvu pa mphira kapena pa kabowo kopumira. Ngati nthawi yosintha oyilo yakwana, mukhuthuleni akadali wofunda, thirani watsopano, ndipo zunguzani makina kwa mphindi zingapo kuti mano onse anyowe. Sungani makina pansi pa denga. Oyilo wakale asatayidwe m'munda kapena pafupi ndi chitsime.

Udindo wa mlangizi

Mlangizi ayendere eni makina kawiri pa chaka: mu Malichi, ndiponso kukolola kukangotha. Awalimbikitse kusunga kabuku kolembamo maola amene makina agwira, tsiku losinthira oyilo, mtundu wake, ndi zitsulo zimene zasinthidwa. Kumene makina amodzi amatumikira alimi ambiri, kalabu kapena mgwirizano usankhe munthu mmodzi woyang'anira kabukuko ndi kusunga ndalama yogulira zitsulo kuchokera pa malipiro a kubwereka.