Nandolo, moto wa m'munda ndi zomwe timadya

Phunziro la sabata ino tiliwerenge mosinthana, aliyense ndime imodzi. Pomwe pali funso tiime kaye, tikambirane, kenako tipitirize. Amene sanazolowere kuyankhula pagulu tiwapatse mpata poyamba.

Tonse tikukumbukira zaka ziwiri zotsatizana zija. Mu Marichi 2023 namondwe Freddy anabweretsa mvula yosalekeza, ndipo Mwanza inali limodzi mwa maboma omwe analengezedwa kuti agwa m'tsoka. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, fetereza n'kukwera mtengo. Kenako mvula inadula chimanga chisanakhwime, moti mu Marichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza za tsoka la chilala m'maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino. Chaka china madzi anachuluka, chaka china anasowa, koma chimanga chinavutika konsekonse.

Funso: M'zaka ziwiri zimenezi, ndi mbewu ziti zomwe zinatsala m'munda mwanu chimanga chitakanika?

Ambiri a ife titchula nandolo. Mbewu imeneyi timaiona ngati yongoponya m'mizere, koma imagwira ntchito yaikulu mwakachetechete. Muzu wake umalowa pansi kwambiri kuposa wa chimanga, n'chifukwa chake imakhalabe yobiriwira dothi la pamwamba litauma. Tikazula kamtengo kakang'ono tiona timatuza pa mizu. Mmenemo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timatenga nayitirojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Nayitirojeni ameneyu ndi yemweyo timamugula m'thumba la Urea. Masamba akayoyoka amaphimba nthaka n'kuwola, ndipo mitengo yake ikauma amayi amaphikira. Nandolo sapikisananso kwambiri ndi chimanga, chifukwa amakula pang'onopang'ono poyamba, n'kudzathamanga chimanga chitakololedwa. Ngakhale dzina la mtundu uja wa Mthawajuni likutiuza kuti alimi amaiyang'anitsitsa mbewuyi: amacha msanga, kuthawa chisanu cha mu Juni.

Koma tisabise zomwe zinatichitikira. Kwa zaka zingapo nandolo anali ndi mtengo wabwino chifukwa ankagulidwa kupita ku India. Mu Ogasiti 2017 boma la India linachepetsa nandolo wolowa m'dziko lawo, ndipo kuno mtengo unagwa mpaka mlimi kumaona kuti kunyamula thumba kupita kumsika n'kutaya mphamvu. Ena anasiyiratu kudzala. Apa ife tikuona kuti tinalakwitsa. Tinazolowera kumuona nandolo ngati ndalama basi, n'kuiwala kuti ndi ndiwo, ndi manyowa, ndi nkhuni. Msika wa ku India unatsekeka, koma mphika wa kunyumba sunatsekeke. Zofanana ndi zimenezi timaziona ndi manachesi omwe boma lathu limatchuka nawo: m'nyengo yake amadzaza m'mbali mwa msewu wopita ku Zalewa ndi ku Blantyre, ena mpaka kuwola, pomwe miyezi ina ana athu amatha sabata osalawa chipatso.

Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Tikawerenga bwinobwino, ambiri mwa maguluwa amamera pakhomo pomwe: nandolo ndi khobwe, bonongwe, chisoso, nkhwani, mtedza wotendera, mbatata yofiira m'kati, mango, mapapaya. Agogo athu ankafutsa masamba m'dzinja kuti adzadye m'chilimwe. Lero ena timachita manyazi kupatsa mlendo mfutso, koma sitichita manyazi kukongola ndalama yogulira kabichi wopoperedwa mankhwala dzulo lake.

Funso: Dzulo kunyumba kwanu munadya zakudya za magulu angati? Ndi ziti zomwe munagula, ndipo ndi ziti zomwe zinachokera m'munda mwanu?

Tsopano tifike pa nkhani yovuta, ya moto. Ikafika Ogasiti ndi Seputembala, mapiri athu amayaka usiku. Wina akusosa m'munda, wina akusaka mbewa, wina wangotaya kanyenyeswa ka fodya. Amene amatentha mapesi amati phulusa ndi manyowa, ndipo n'zoona kuti m'phulusa mumatsala zina zothandiza mbewu. Koma nayitirojeni uja amapita ndi utsi, ndipo nthaka imatsala pamtunda. Minda yathu yambiri ili pamalo otsetsereka. Mvula yoyamba ikagwa pa dothi lopanda chophimba imalikokolola kupita kumtsinje wa Mwanza, nawonso n'kukalitula mu Shire. Tikatero tikugula fetereza wodula kuti tibwezeretse zomwe tinatentha tokha.

Njira zake sizachilendo. Tikhoza kusiya mapesi pansi kapena kuwakwirira, kudzala udzu wa vetiva pa akalozera, kusamalira ziphukira za mitengo m'munda mmalo mozidula. Amene ali ndi fetereza wochepa akhoza kupanga manyowa a Mbeya: kusakaniza madeya, ndowe, phulusa, fetereza pang'ono ndi madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki, n'kudikira masiku 21. Chovuta n'chakuti munthu mmodzi payekha sangapambane. Mungaphimbe munda wanu bwinobwino, mwana wa mnansi n'kubwera ndi machesi kudzasaka mbewa. Mungasiye nandolo kuti akhwime, mbuzi za m'mudzi n'kumasulidwa chimanga chikangochoka. Ndipo tisafulumire kuloza chala mnzathu wootcha makala chakufupi ndi nkhalango ya Thambani. Nthawi zambiri ndi munthu yemwe munda wake unaleka kubereka, ndipo makalawo ena timagula ndife.

Nkhani ngati izi zimafuna kukhala pansi ndi mafumu, eni mbuzi, achinyamata ndi amayi, aliyense n'kunena mosabisa chomwe chikumuvuta. Tili ndi chitsanzo chomwe timachidziwa. 'Abdu'l-Bahá anathandiza alimi ochokera ku Iran kukhazikika m'mudzi wa 'Adasiyyih, m'chigwa cha Yordano, n'kuwalimbikitsa kulima mbewu zosiyanasiyana ndi kudzala mitengo. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, njala itavuta, tirigu wochokera kumadera amenewo anadyetsa anthu a ku Haifa ndi 'Akká posayang'ana chipembedzo chawo. Nkhokwe zija zinadzadza njala isanafike.

Funso: M'mudzi mwanu muli lamulo lanji pa za moto ndi kumasula ziweto? Ngati lilipo koma silitsatidwa, chimalepheretsa n'chiyani?

Ntchito ya sabata ino tiichite awiriawiri. Tikacheze ndi agogo mmodzi wa m'mudzi mwathu, tiwafunse mbewu ndi ndiwo zomwe ankadya kale zomwe pano sizikuonekanso, komanso ngati alipo amene akusungabe mbewu yake. Tikalembe mayina m'kope. Amene ali ndi nandolo m'munda azule kamtengo kamodzi mosamala, osadula mizu, abwere nako kuti tidzaone timatuza tija ndi maso athu. Tidzasankhanso anthu awiri okapempha a mfumu tsiku loti tikakambirane za moto nyengo yososa isanayambe.