Phunziro 18: Kumvera Namulondola pa Mapiri a Alps

Ku Ulaya kuli mapiri ataliatali otchedwa Alps. M'miyezi ya Disembala, Januwale ndi Febuluwale kumeneko kumazizira koopsa, ndipo m'malo mwa mvula kumagwa chipale chofewa. Chipalechi ndi madzi oundana amene amagwa pang'onopang'ono ngati ufa woyera, nakuta mitengo, miyala ndi njira zonse.

Ngakhale kuli kozizira chotere, anthu ambiri akapuma pa ntchito amakonda kukayenda pansi m'mapiri amenewa. Malo ena amene amawakonda ndi mpata wa Great St Bernard, umene uli m'malire a Switzerland ndi Italy. Mpatawu uli pamtunda wa mamita 2,469. Pamenepo pali nyumba ya alendo imene idakhazikitsidwa ndi wansembe wina dzina lake Bernard cha m'ma 1050. Mpaka lero ansembe amakhala komweko chaka chonse, nalandira apaulendo.

Nyengo yozizira ikafika, msewu wokwera kumpatako umatsekedwa. Magalimoto amadzera mumsewu woboola phiri umene udatsegulidwa mu 1964. Wofuna kukafika kunyumba ija ayenera kukwera wapansi kwa maola awiri kapena atatu. Alendo amavala zovala zochindikala, ndipo kunsi kwa nsapato amamangirirako zopondera zotambalala ngati lichero kuti miyendo isatitimire.

Alendo anzeru sapita okha. Amatenga namulondola, munthu wophunzitsidwa bwino amene amalidziwa phirilo. Kodi n'chifukwa ninji? Chifukwa chake n'chakuti chipale chounjikana pamalo otsetsereka chimatha kugumuka mwadzidzidzi. Chikatero chimatsika ndi liwiro lalikulu, nkukwirira aliyense amene ali m'njira yake. Kufupi ndi nyumba ya alendo ija kuli chigwa chimene anthu adachitcha Combe des Morts, kutanthauza Chigwa cha Akufa.

Ulendo usanayambe, namulondola amawerenga uthenga wochokera kwa akatswiri a ku Davos. Iwo amalengeza kukula kwa ngozi pogwiritsa ntchito manambala, kuyambira 1 mpaka 5. Nambala ikakwera, ndiye kuti ngozi yakula. Kenaka amaonetsetsa kuti aliyense watenga zida zitatu: kachipangizo kosonyeza pamene munthu wakwiririka, ndodo yayitali yofufuzira, ndi fosholo. Munthu wokwiririka ayenera kufukulidwa msangamsanga, pakuti pakangopita mphindi 15 ambiri amayamba kufa chifukwa chosowa mpweya.

Panjira namulondola amakhala patsogolo. Pamalo oopsa amalamula anthu kuti ayende motalikirana, kuti chipale chikagumuka chisawakwirire onse pamodzi. Nthawi zina amaima, nayang'ana mitambo ndi mphepo, nkunena kuti, "Tibwerere." Mawu amenewa ndi owawa kwa mlendo amene walipira ndalama zambiri, makamaka ngati watsala pang'ono kufika. Komabe womvera amabwerera kwawo ali moyo, ndipo phirilo adzalipeza chaka chamawa.

Kalelo ansembe ankaweta agalu amene ankawathandiza kufunafuna anthu osochera. Wotchuka mwa onse anali Barry, amene adakhala ndi moyo kuyambira 1800 mpaka 1814. Akuti galu ameneyu adapulumutsa anthu oposa 40. Masiku ano opulumutsa anthu amafika pa helikopita, koma nayonso imalephera kuuluka kukachita nkhungu kapena mphepo yamkuntho. N'chifukwa chake kupewa ngozi kumaposa kudikira chithandizo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Inunso mukafika kumalo achilendo, funsani eni malo, ndipo mverani zimene akuuzani.

Mawu oti muwadziwe

namulondola, mpata, kutitimira, kugumuka, nkhungu

Mafunso

1. Kodi chipale chofewa n'chiyani?
2. Kodi mpata wa Great St Bernard uli m'malire a mayiko ati?
3. Tchulani zida zitatu zimene mlendo aliyense amatenga.
4. N'chifukwa ninji anthu amayenda motalikirana pamalo oopsa?
5. Mukadakhala inu, mukadatani namulondola atanena kuti mubwerere? Fotokozani.

Ntchito

Lembani ziganizo zisanu pogwiritsa ntchito mawu oti muwadziwe aja.