PHUNZIRO LA MWEZI UNO: UMODZI WA AFRICA UMAYAMBIRA PABWALO LA MUDZI

Owerenga athu a ku Machinga ndi ku Balaka, phunziro la mwezi uno likunena za mabungwe: chimene chimawapha ndi chimene chimawasunga. Ambiri a inu muli m'bungwe lina lake. Ena muli m'kalabu ya alimi, ena m'banki ya m'khonde, ena m'komiti ya sukulu kapena ya chitukuko cha m'mudzi. Kapena mumayesa kuti nkhani ya umodzi wa Africa ndi ya akuluakulu okwera ndege okhaokha. Si choncho ayi. Mbiri ya dziko lathu ikuonetsa kuti bungwe lalikulu limakhala ndi mphamvu pokhapokha anthu a m'midzi akalimvetsa ndi kulitenga kukhala lawo. Werengani phunziroli pamodzi, ndipo amene adziwa kuwerenga awerengere anzawo mokweza.

KODI UMODZI WA AFRICA N'CHIYANI?

Ili ndi ganizo lakuti anthu akuda onse, a mu Africa muno ndi zidzukulu za iwo amene anatengedwa ukapolo kunka ku America ndi ku West Indies, ndi abale, ndipo ayenera kudziwana ndi kuthandizana. Msonkhano woyamba wa ganizoli unachitika ku London mu 1900. Wina wotchuka unachitika ku Manchester mu Okutobala 1945. Kumeneko kunali W. E. B. Du Bois wa ku America, Kwame Nkrumah wa ku Gold Coast, dziko limene tsopano ndi Ghana, Jomo Kenyatta wa ku Kenya, ndi Dr Hastings Banda wa kuno kwathu. Pa 25 Meyi 1963 mayiko 32 anakhazikitsa bungwe la Organisation of African Unity ku Addis Ababa, ndipo mu 2002 bungwe la African Union linalowa m'malo mwake.

Inu a ku Machinga simusowa wokuuzani tanthauzo la zimenezi. Malire amene apita pa Nayuchi anachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891. Opanganawo sanafunse mafumu athu. Ayao ndi Alomwe a mbali ino ali ndi abale awo ku Mozambique; amakwatirana, amayenderana pamaliro, amalankhula chinenero chimodzi. Umodzi wa Africa ndiwo ubale womwewu, koma woukulitsa kufikira mayiko onse.

M'MENE GANIZOLI LINAFIKIRA KUNO

Ganizoli linabwera ndi anthu oyenda ndiponso ndi mapepala. Amuna ambiri a dziko lino ankapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, ndipo kumeneko anaona anzawo a mitundu ina akuvutika monga iwo. Mmodzi wa iwo, Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay, anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo linakula kwambiri.

Boma la atsamunda linkaopa mapepala otere. Mu 1926 Isa Macdonald Lawrence anaweruzidwa kukhala m'ndende zaka zitatu chifukwa cholowetsa m'dziko muno nyuzipepala zoletsedwa. Imodzi mwa izo inali Negro World, ya bungwe la Marcus Garvey. Taganizirani: zaka zitatu chifukwa cha pepala! Olamulawo ankadziwa kuti munthu amene wazindikira za anzake a kutali savuta kudzuka.

Njira ina inali sukulu. Mu 1924 Dr James Aggrey, mphunzitsi wa ku Gold Coast, anayendera dziko lino pamodzi ndi gulu lofufuza za maphunziro. Mu 1929 boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, pafupi ndi malire a Zomba ndi Machinga. Kaphunzitsidwe kake kanatengedwa ku sukulu za m'midzi ya anthu akuda ku America. Aphunzitsi ankapita ku Domasi pamodzi ndi akazi awo, ndipo pambuyo pake mafumu nawonso ankapita. Sukuluyo inali ya atsamunda, koma inasiya nzeru yabwino: phunziro lisathere m'kalasi, koma lifike kumunda, kuchitsime ndi pabwalo la mfumu.

KONGERESI: BUNGWE LIMENE LINATSALA PANG'ONO KUFA

Mabungwe oyamba a eni dziko anali aang'onoang'ono. Loyamba linali North Nyasa Native Association, la mu 1912, ndipo ena anatsatira m'maboma ena. Lililonse linkalemba madandaulo ake palokha, ndipo Bwanamkubwa ku Zomba sankavutika nawo. Mu 1943 James Frederick Sangala anaitana atsogoleri a mabungwewo kuti akhale amodzi. Mu 1944 panabadwa Nyasaland African Congress, imene anthu ankangoti Kongeresi, ndipo Levi Mumba ndiye anali pulezidenti wake woyamba.

Chiyambi chinali chabwino, koma posakhalitsa Kongeresi inadwala. Matenda ake anali atatu. Loyamba: ambiri a mamembala anali makalaliki ndi aphunzitsi, alimi ndi amayi a m'midzi sankaidziwa. Lachiwiri: panalibe munthu wogwira ntchito ya bungwe tsiku ndi tsiku. Dr Banda, ali ku London, analangiza kuti alembe mlembi wolipidwa, koma msonkhano unakana. Lachitatu ndi loipitsitsa: ndalama sizinasungidwe bwino. Levi Mumba anamwalira mu Januwale 1945, ndipo Charles Matinga amene analowa m'malo mwake anachoka pampando mu 1950 pa nkhani ya ndalama za bungwe. Anthu anagwa mphwayi. Mu 1953 chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa, anthu ndi mafumu ambiri akukana, ndipo Kongeresi inalibe mphamvu yochiletsa.

Nanga inachira bwanji? Mu 1956 anyamata awiri, Masauko Chipembere ndi Kanyama Chiume, anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Mafunso awo kwa Bwanamkubwa ndi akuluakulu ake ankasindikizidwa m'mabuku a nyumbayo, ndipo anthu ankawerengerana. Dr Banda atafika pa Chileka pa 6 Julayi 1958, atsogoleri anayenda m'maboma, kuchita misonkhano ndi kutsegula nthambi. Amayi, motsogozedwa ndi Rose Chibambo, anakhala ndi gulu lawo, achinyamata chimodzimodzi. Mu Disembala 1958 Dr Banda anakakhala nawo pa msonkhano wa anthu a mu Africa yense ku Accra. Pa 3 Malichi 1959 boma linamanga atsogoleri a Kongeresi, ndipo bungwelo linaletsedwa. Koma tsopano bungwe linali ndi mizu. Mu Seputembala chaka chomwecho Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa Malawi Congress Party, ndipo anthu analowa mwaunyinji. Chitaganya chinatha mu 1963, ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964.

PAMENE MAFUNSO ANALETSEDWA

Pali matenda achinayi, ndipo mboni yake ndi Liwonde. Miyezi iwiri chilandirire ufulu, Dr Banda anasemphana ndi nduna zake. Ena anachotsedwa, ena anatula pansi udindo. Amene anamenyera ufulu pamodzi analephera kukhala pansi ndi kumvana. Mu Febuluwale 1965 Chipembere ndi anthu ake ananyamuka ku Fort Johnston, kumene tsopano ndi Mangochi, ulendo wa ku Zomba ndi mfuti. Masiku amenewo pa Liwonde ankaoloka Shire pa pantoni. Iwo anapeza pantoniyo ili tsidya lina, ndipo ulendowo unathera pomwepo. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo kwa zaka zambiri kufunsa mtsogoleri kunali mlandu.

Kutsegukanso kwa pakamwa kunadzera ku Balaka. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya mabishopu yonena za umphawi, za anthu omangidwa popanda mlandu, ndi za ufulu wolankhula. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort. Boma la nthawiyo linailetsa, ndipo nyumba ya makinawo inatenthedwa. Koma mawu anali atamveka kale, pakuti anawerengedwa m'zinenero za anthu, kwa odziwa kuwerenga ndi osadziwa omwe. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri, ndipo mu 1994 anasankha Bakili Muluzi wa ku Machinga kukhala pulezidenti.

Onani tsono: bungwe limene liletsa mafunso likhoza kuoneka lamphamvu, koma mkati mwake chiswe chili pantchito.

CHITSANZO CHA ASODZI A PA CHIUTA

Tibwere kufupi. Nyanja ya Chiuta ili m'malire a Machinga ndi Mozambique. Eni dera ankapha nsomba ndi matchera ndi miono. Kenaka kunafika asodzi ochokera kwina ndi makoka a nkacha, a maso aang'ono, okokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Madzi ankavunduka ndipo nsomba zinayamba kuchepa. Mu 1995 asodzi a pa Chiuta anasonkhana okha, nasankha makomiti a pagombe, ndipo analetsa makokawo kumbali ya Malawi.

Pa nyanja ya Malombe, kumpoto kwa Liwonde, makomiti otere anayamba mu 1993, koma anayambitsidwa ndi boma ndi mabungwe othandiza. Ofufuza amene anayerekeza nyanja ziwirizi anapeza kuti makomiti a pa Chiuta anali olimba koposa, chifukwa anthu anawayesa awoawo, pamene a pa Malombe anazolowera kudalira thandizo ndi ndalama za pamsonkhano.

Komabe a pa Chiuta anakumana ndi vuto lina. Nsomba sizidziwa malire. Makoka oletsedwa mbali ino ankaponyedwabe kumbali ya Mozambique, ndipo panabuka mikangano. Kunafunika kuti asodzi ndi mafumu a mbali zonse ziwiri azikambirana. Apa ndi pamene komiti ya pagombe isanduka nkhani ya umodzi wa Africa. Mutu umodzi susenza denga, ndipo dziko limodzi silisunga nyanja ya mayiko awiri.

ZOTI MUCHITE M'BUNGWE LANU

1. Yambani ndi vuto limene aliyense akuliona: mjigo wowonongeka, mitengo yotha m'phiri, ana osiya sukulu. Bungwe loyamba chifukwa chakuti kwamveka thandizo limatha thandizolo likatha.

2. Lembani malamulo anu papepala limodzi, m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo awerengedwe pamaso pa onse ndi pamaso pa mfumu.

3. Aliyense azisonkha, ngakhale pang'ono. Wopereka ndiye amafunsa, wongolandira amangoyang'ana.

4. Ndalama zisakhale m'dzanja la munthu mmodzi. Msungichuma asunge ndalama, mlembi asunge buku, ndipo pa msonkhano uliwonse ziwerengedwe poyera. Wapampando, mlembi ndi msungichuma asachokere m'nyumba imodzi.

5. Ikani nthawi ya udindo, kaya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo muchite chisankho ngakhale mtsogoleri ali wabwino. Aliyense wa paudindo akhale ndi womuphunzira ntchito.

6. Amayi ndi achinyamata akhale m'komiti, ndipo azilankhula. Msonkhano usaikidwe pa nthawi ya Juma kapena ya tchalitchi, kuti Asilamu ndi Akhristu abwere onse.

7. Patulani theka la ola pa msonkhano uliwonse kuti likhale la phunziro. Mwezi wina nkhalamba ifotokoze mbiri ya mudzi. Mwezi wina amene anakhalako ku Joni kapena ku Mozambique anene m'mene anzathu kumeneko amayendetsera mabungwe awo. Mwezi wina muwerenge za malamulo a malo kapena za ntchito ya khonsolo. Wophunzitsa asamangolalikira, afunse, ndipo anthu ayankhe.

8. Yenderanani ndi mabungwe ena. Kalabu ya ku Ulongwe ikaone ya ku Ntaja. A ku Nayuchi adziwane ndi anansi awo a tsidya la malire.

9. Wofunsa funso lovuta musamuyese mdani. Muyankheni pabwalo, buku lili potsegula.

MAFUNSO OKAMBIRANA

(a) Tchulani matenda anayi a mabungwe amene tawafotokoza. Ndi ati amene alipo m'bungwe lanu?

(b) Wapampando wanu atasamuka mawa, ndani angaitanitse msonkhano?

(c) Ndi liti pamene munamva komaliza kuchuluka kwa ndalama za m'thumba la bungwe?

(d) Ndi vuto liti la m'dera lanu limene simungalithetse popanda anthu a mudzi wina, a boma lina, kapena a dziko lina?

Kambiranani mafunsowa pa msonkhano wanu wotsatira, ndipo mlembi alembe mayankho m'buku. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi, tsegulaninso bukulo muone zimene mwachita ndi zimene zatsala.