Chigoba cha mkuwa chofukulidwa m'munda ku Mualadze

FUNSO: Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo ena a ku Mualadze. Akuti pogalauza munda khasu lawo linatukula chigoba cha chipolopolo chobiriwira ndi ukalamba, chotalika masentimita 6, kukamwa kwake kolowa pensulo bwinobwino, ndipo kumatako kwake kuli mkombero wotambalala ngati mlomo wa mbale. Anzawo akuti n'cha nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, koma iwo akukana chifukwa za AK amazidziwa. Akufunsa kuti chimenechi n'cha mfuti yanji, nanga chinafika bwanji kuno?

YANKHO: Zikomo bambo, ndipo mwachita bwino kuyeza, chifukwa zigoba zimadziwika ndi msinkhu. Cha AK-47 n'chachifupi, mamilimita 39, cha G3 ya asilikali achipwitikizi a nkhondo ya ufulu ndi mamilimita 51, ndipo zonse ziwirizi zilibe mkombero wotambalala, zimangokhala ndi kangalande kozungulira kumatako. Zamkombero zofanana ndi chanucho zilipo za Angerezi, ndipo poti malire a Malawi ali pafupi tisazitaye: cha .303 ndi mamilimita 56, pomwe cha Martini-Henry n'chonenepa, kukamwa kwake pensulo imagwedera. Tsono cha mamilimita 60 chokhala ndi kamwa la mamilimita 8 chikuloza ku chipolopolo cha Apwitikizi chotchedwa 8x60R, cha mfuti ya Kropatschek.

Chipolopolo chimenechi sichinabadwire mfuti imeneyo. Chinakonzedwera mfuti ya msilikali wachipwitikizi Castro Guedes, yolowa chipolopolo chimodzi basi, imene boma la ku Lisbon linaitanitsa 40,000 kufakitale ya Steyr ku Austria mu 1885. Ntchito ili m'kati, Apwitikizi anasintha maganizo mu 1886 n'kusankha mfuti ya Alfred von Kropatschek, mkulu wa asilikali wa ku Austria, imene inkasunga zipolopolo 8 mumpopi wa kunsi kwa mtsinde wake. Mfuti za Guedes zokanidwazo zambiri zinakathera kwa Mabunu a ku Transvaal, koma chipolopolo chake chinatsala. Mukapeza chathunthu muona kuti nsonga yake njobuntha, ndipo chifukwa chake ndi mpopi uja: zipolopolo zimandandama mutu wa china utagunda matako a chinzake, ndiye nsonga yosongoka ikanaboola kabatani koyatsira moto, zonse n'kuphulikira m'manja mwa mwini mfuti. Tsoka lake chinabadwa chaka cholakwika. Mu 1886 momwemo Afalansa anatulutsa mfuti ya Lebel ya onga wopanda utsi umene Paul Vieille anaupeza mu 1884, pamene cha Apwitikizichi chinayamba ndi onga wakuda wofuka tolo. Mu 1904 asilikali a ku Portugal anapatsidwa mfuti ya Mauser-Vergueiro ya chipolopolo cha 6.5x58, ndipo Kropatschek, itakalamba ku Ulaya, inapitiriza ntchito m'maiko a atsamunda m'manja mwa asipayi, asilikali akuda a atsamundawo.

Apa ndi pamene ndikufuna tiimepo, chifukwa ine ndikuona kuti chimene chinasintha nkhondo za m'chigwa cha Zambezi ndi kachigoba kameneka kuposa mfuti yeniyeniyo. Mfuti sizinali zachilendo kuno. Achikunda a m'mapulazo anali nazo kwa mibadwo, ndipo Bonga wa ku Massangano, pamene Luenha amathira mu Zambezi, anabweza magulu ankhondo a Apwitikizi pakati pa 1867 ndi 1869. Koma gogodela amene iwo ankagwiritsa ntchito anali mfuti yodya za kumudzi: onga wothira kukamwa, kansanza kotsendera, ndi chipolopolo chimene wosula makasu ankatha kuchidula pachitsulo chilichonse. Chigoba cha mkuwa sichisulika pamvukuto. Chimafinyidwa ndi makina kuchokera pa kachidutswa kamodzi ka mkuwa, muyezo wake osaphonya ngakhale pang'ono, apo ayi chikakamira mumfuti, ndipo kabatani koyatsira kaja kamafuna mankhwala a kufakitale. Choncho mfumu imene yagula kapena kulanda mfuti yatsopano inkakhala yamphamvu mpaka tsiku limene bokosi la zipolopolo latha. Azungu ankalidziwa bwino limeneli. Pangano la ku Brussels la mu July 1890 linatseka malonda a mfuti zamakono ndi zipolopolo zake kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, Tete ali m'kati momwemo, koma linasiya mpata wa mfuti zachikale zoyatsa ndi mwala pamodzi ndi onga wamba. Taonani nthawi yake: Massangano anagwa mu 1888, ankhondo a mfumu Gungunhana anagonja ku Coolela mu November 1895 akukumana ndi Kropatschek, ndipo mu 1902 Barue ndi Makanga ya Chinsinga zinagwa.

FUNSO: Kalata ina, ya aphunzitsi a ku Zóbuè, ikukhudza nkhani yomweyi. Akuti iwo amaphunzitsa ana kuti dera lino linagonja chifukwa mafumu sankagwirizana, komanso kuti ankhondo a Apwitikizi ambiri anali anthu akuda okhaokha. Akufunsa ngati kutama zida sikuli kubisa mlandu wa makolo athu omwe.

YANKHO: Aphunzitsi, zimene mukuphunzitsazo n'zoona ndipo musazisiye. Gulu limene João de Azevedo Coutinho analowa nalo ku Barue mu 1902 linali la anthu akuda ochuluka kwambiri kuposa azungu, ndipo Abarue atadzukanso mu 1917 chifukwa cha chibalo ndi kugwira anthu amtengatenga a nkhondo, Apwitikizi anadalira Angoni a ku Angónia kuti awathandize kuzimitsa motowo. Koma tifunse kuti mzungu mmodzi ankalamula bwanji mazana a amuna onyamula mfuti osamutembenukira? Kale mwini pulazo ankawaopa Achikunda ake, chifukwa atamuthawa ankapita ndi mfuti zawo n'kukadzipezera okha onga kwa amalonda a minyanga. Msipayi wa Kropatschek analibe mwayi umenewo. Zipolopolo ankachita kumuwerengera kunkhokwe ya boma, ndipo akathawa nayo mfutiyo, pakatha masiku ochepa inkasanduka chibonga cholemera. Tsono kusagwirizana kwa mafumu ndi nkhani ya chigobayi sizikutsutsana, popeza amene wagwira nkhokwe ya zipolopolo ndiye anali ndi chogulira abwenzi komanso chowamangira kuti asamuchokere.

Ena anganene kuti Abarue a mfumu Makombe anali ndi mfuti zamakono zingapo ndiponso amisiri awo okonza onga ndi zipolopolo, komabe anagonja. Ndikuvomera, ndipo luso lawolo n'logometsa. Koma zimene mmisiri ankatha kukonza zinali chakudya cha gogodela, ndipo gogodela amafuna kuti munthu aimirire, athire onga, atsendere ndi kamtengo, mvula ikagwa n'kukana kulira, pamene mnzake wagona pansi akungokoka chitsulo kasanu ndi katatu. Umboni woti vutoli silinali la khungu tiupeza kwa Ajeremani. Von Lettow-Vorbeck, zipolopolo zitamuthera ku German East Africa chifukwa Angerezi anatseka nyanja, anawoloka Rovuma pa 25 November 1917 n'kugwera msasa wa Apwitikizi ku Negomano. Chimene chinamupatsa moyo wa chaka china chathunthu chinali mabokosi a zipolopolo amene analanda pamodzi ndi mfuti zoyenerana nazo, moti asilikali ake anasiya mfuti zawo zakale n'kunyamula za mdani. Msilikali wophunzira wa ku Ulaya uja anagwa m'dzenje lomwe anagwamo Makombe, kungoti iye anali ndi nkhokwe ya wina yoti aithyole.

Tibwerere kwa inu bambo a ku Mualadze. Chigoba chopanda kanthu m'kati sichiopsa, chisungeni, ndipo mukachitsuka ndi madzi a ndimu muyang'ane kumatako, nthawi zambiri pamakhala zilembo kapena manambala osonyeza fakitale ndi chaka. Koma khasu likatukula chathunthu, chokhala ndi mutu wake ndi kabatani kosaboola, musachikhome ndi mwala, musachiponye pamoto wotentha mapesi, ndipo ana asachitenge. Ikani chizindikiro pamalopo mukauze amfumu ndi apolisi, makamaka zikakhala zambiri pamodzi, chifukwa onga wakuda ukakhala pouma umatha kulira ngakhale patapita zaka 100.